Kodi atolankhani a zamasewera amaunyalanyaza mpikisano wa mamotoka poyerekeza ndi masewera ena?

Mu 2012 dziko la Zambia linali ndi akatswiri a Africa pa masewera awiri osiyana. Oyamba aliyense amawadziwa, ndi Chipolopolo ija inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7 ku Libreville pa 12 February, ndipo olo mwana amene nthawi imeneyo anali kumbuyo kwa amake lero akuuzani kuti penate yomaliza anamenya ndi Stoppila Sunzu. Winayo ndi Mohammed Essa, amene chaka chomwecho anatenga chikho cha African Rally Championship, mpikisano waukulu wa mamotoka othamanga m'misewu ya fumbi mu Africa muno. Tayesani kutchula dzina limenelo pa msika wa Kapata kuno ku Chipata kapena pa basi sitesheni, ambiri angokuyang'anani chabe.

Nkhaniyi yayamba kubuka pafupipafupi manje poti Formula One ikufika pa mafoni athu. Achinyamata ambiri kuno ku Chipata ayamba kutsatira Lewis Hamilton ndi Max Verstappen, ndiye akatsegula wailesi madzulo kuti amve zamasewera amapeza kuti ndi mpira kuyambira poyamba mpaka pothera. Ena amati atolankhani ali ndi tsankho, mamotoka amawanyoza. Ena amati ayi, mtolankhani amangopereka zomwe anthu akufuna kumva basi. Ine ndimakonda zonse, bola ndi mamotoka omwe, ndipo chomwe ndaona nchakuti mkanganowu umatentha chifukwa anthu amaunjika nkhani zingapo zosiyana mu funso limodzi.

## Mpikisano wa mamotoka si umodzi

Munthu akati "mpikisano wa mamotoka" mumufunse kaye kuti uti.

Pali Formula One, womwe ambiri amangoti F1. Uwu ndi wa timamotoka tampando umodzi, tofupika mpaka pansi, matayala ali panja, ndipo timathamanga pa msewu wa tara wozungulira. Unayamba ngati mpikisano wa dziko lonse mu 1950. Mu 2025 munali matimu 10, iliyonse madalaivala awiri, ndiye kuti anthu 20 chabe pa dziko lonse lapansi. Onse amanyamukira pamodzi nkuzungulira mpaka akwane makilomita pafupifupi 305, woyamba amapata mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, choncho mpaka wa nambala 10, ndipo pakutha pa chaka amene wasonkhanitsa ambiri ndiye katswiri.

Ndiye pali rale, ndipo uwu ndi umene umatikhudza ife kwambiri. Mu rale mumathamanga motoka yooneka ngati yomwe mumaiona mtauni, Subaru Impreza, Mitsubishi Lancer, Ford Fiesta, Skoda Fabia, kungoti mkati anachotsamo mipando ya kumbuyo nkuwotchereramo zitsulo zozungulira monse kuti ikagubuduzika anthu asaphwanyike. Mumakhala anthu awiri, dalaivala ndi navigeta. Navigeta ndi uja amakhala pambali ndi buku, kumawerenga mokweza zomwe zili kutsogolo, kuti pakona ikubwerayo ndi yakumanzere yakuthwa, pambuyo pake pali kamlatho kopapatiza, kenako dzenje. Zolembazo amazilemba okha masiku angapo mpikisano usanayambe, poyenda pang'onopang'ono mu msewu womwewo. Dalaivala amaponda moto pamalo pomwe maso ake sakuona chifukwa akukhulupirira mawu a mnzake, ndipo navigeta akaphonya mzere umodzi basi onse awiri ali mtchire.

Chinanso nchakuti mu rale mamotoka sanyamukira pamodzi. Msewu amaudula m'zigawo zotchedwa masiteji, siteji iliyonse amaitseka kuti pasadutse munthu wina, ndiye motoka imanyamuka imodzi imodzi, pakati pamapita mphindi imodzi kapena ziwiri kuti fumbi likhazikike. Chomwe akupikisana nacho ndi wotchi. Nthawi za masiteji onse amaziphatikiza, amene watenga nthawi yochepa wawina. Kuchoka pa siteji ina kupita pa ina amayenda mu msewu wa anthu onse ndipo amatsata malamulo a pamsewu ngati wina aliyense. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikufotokoza zambiri za vuto la atolankhani.

Iliponso ina, Dakar ya m'chipululu, NASCAR ndi Indianapolis 500 za ku America, ndi ya njinga zamoto, koma tikaitsata yonse sitimaliza.

Tsono F1 pa dziko lonse palibe anganene kuti ndi yonyalanyazidwa. Mu 2024 munali mipikisano 24, imaonetsedwa m'maiko ambirimbiri, ndipo ku Britain, Italy kapena Netherlands nyuzi zimailemba mlungu ndi mlungu. Vuto lake kwa ife nlakuti ili kuseri kwa khomo lolipira. Rale ya kwathu ndiye nkhani ina, palibe khomo lomwe laitsekera, koma imamvekabe pang'ono.

## Zomwe Zambia yachita pa rale

Apa mpomwe odandaula ali ndi mfundo yolemera, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. African Rally Championship inayamba mu 1981, ndipo munthu amene waitenga kambiri kuposa wina aliyense ndi mZambia, Satwant Singh, ka 8, koyamba mu 1988 ndipo komaliza mu 2000. Pambuyo pake Muna Singh anaitenga mu 2004 ndi 2005. Kenako Essa uja mu 2012, chaka chotsatira 2013 nkutenga Jassy Singh mwana wa Muna, ndipo mu 2022 Leroy Gomes anaibweretsanso kuno, navigeta wake ali mkazi wake Urshlla Gomes. Mukawerenga mupeza kuti ndi ka 13. Chipolopolo chikho cha Africa cha akuluakulu yatenga kamodzi.

Sindikunena izi kuti ndichepetse 2012, ayi, usiku umene uja tonse tinalira chifukwa tinakumbukira anyamata athu omwe anafera m'nyanja pafupi ndi Libreville yemweyo mu April 1993, ndipo palibe chikho cha mamotoka chingafanane ndi kulemera kwa nkhani imeneyo. Koma ngati muyezo wathu uli wakuti mtolankhani azilemba molingana ndi zomwe dziko lapambana, ndiye rale ikanayenera kumamveka kwambiri kuposa mmene imamvekera. Pa muyezo umenewu yankho ndi lakuti inde, pali kunyalanyaza.

Kungoti muyezo si umodzi. Wina atha kuyeza ndi kuchuluka kwa omvera, wina ndi kuchuluka kwa osewera, ndipo pa miyezo imeneyo chithunzi chimasintha.

## Nkhani imafika bwanji pa wailesi

Tiyeni tilowe mu ofesi ya nkhani, kaya ya wailesi ya m'dera ngati zomwe tili nazo kuno kummawa kaya nyuzipepala ya ku Lusaka. Muli mkonzi, ndiye amene amasankha zoti zipite ndi zoti zitsale, ali ndi atolankhani ochepa, ndalama ya mafuta yochepa, ndi mphindi mwina 10 kapena 15 za zamasewera.

Kuti aulutse mpira pa David Kaunda Stadium amangofunika munthu mmodzi, foni yokhala ndi chaji, ndi pokhala pomwe akuona bwalo lonse. Zonse zikuchitikira pamaso pake, mphindi 90 zikatha amadziwa amene wawina, amatsika nkufunsa makochi awiri, nkhani yatha. Wapita pa njinga yamoto, wabwera pa njinga yamoto.

Manje mutumeni munthu yemweyo ku rale. Poyamba mipikisano yambiri imachitikira cha ku Lusaka ndi madera a m'mbali mwa njanji, ndiye kuchoka kuno ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kuwoloka Luangwa, kukagona konko masiku awiri kapena atatu. Akafika apeza kuti bwalo lake ndi tchire, masiteji amwazikana m'mafamu makilomita ambirimbiri. Akaima pakona imodzi motoka imadutsa masekondi asanu, fumbi koboo, kudikira mphindi ziwiri, inanso choncho. Amene akutsogola sangamudziwe ndi maso, mpaka alandire nthawi kuchokera kwa oyendetsa mpikisano. Netiweki kutchireko nthawi zina kulibe. Kuti rale ioneke bwino pa TV pamafunika makamera ambiri, ena mkati mwa motoka, ena m'mwamba pa helikopita kapena droni, ndipo zimenezo ndi ndalama zomwe nyumba zambiri zoulutsira nkhani kuno sizingakwanitse pa mpikisano umodzi.

Komanso wailesi ndi mpira zinabadwira limodzi tinganene. Muulutsi waluso amakuonetsani mpira ndi makutu, "wautenga, wamudutsa, waponya pakati," mtima uli m'mwamba ngakhale muli kumunda. A Dennis Liwewe anakulitsa mibadwo yathunthu ndi mawu okha. Rale pa wailesi imasanduka kuwerenga manambala, uyu mphindi zakuti ndi masekondi akuti, uyu zakuti, ndipo pamafunika luso lapadera kuti manambala amenewo akhale nkhani yokoma. Kuno kummawa komwe anthu ambiri kumidzi nkhani amamvera pa wailesi ya mabatire, ichi si chinthu chaching'ono. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti ankazima maola ambiri pa tsiku, TV inali chete, koma wailesi ndi mpira wake zinapitirirabe.

Ndiye pali kalendala. Premier League ya ku England ili ndi magemu 380 pa sizoni, ligi yathu ya Super League imasewera pafupifupi wikendi iliyonse, kuonjezera za CAF, za Chipolopolo, za Copper Queens, ndi nkhani za kugula ndi kugulitsa osewera zomwe sizitha olo ligi itapuma. Mkonzi sasowa cholemba tsiku lililonse. African Rally Championship pa chaka imakhala ndi mipikisano yosafika 10, yomwazikana m'maiko ngati Kenya, Uganda, Tanzania, Rwanda ndi Zambia. Pakati pake pamadutsa milungu yambiri kuli zii, omvera amaiwala amene akutsogola, ndipo mtolankhani naye sazolowera. Nkovuta kuti munthu akhale katswiri wa nkhani yomwe amailemba mwa apo ndi apo, ndiye ikafika nthawi amangotenga chikalata chomwe a bungwe la Zambia Motor Sport Association atumiza nkuwerenga mmene chiliri.

## Ufulu woulutsa, apa mpomwe pali ndalama

Anthu ambiri amafunsa kuti bwanji ZNBC kapena ma TV ena a kuno sangoonetsa F1 Lamlungu masana. Yankho lili pa chomwe chimatchedwa ufulu woulutsa. Eni mpikisano amagulitsa chilolezo choonetsa zithunzi zawo, dera ndi dera, ndipo amene wagula yekhayo ndiye amaonetsa, wina akangotenga olo kachidutswa nkuulutsa ndi mlandu. Ku chigawo chino cha Africa F1 yakhala ikuonetsedwa ndi SuperSport pa DStv, ndiye kuti uione uyenera kukhala ndi dishi, dekoda, malaiti, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Wina anena kuti nanga Premier League si ili pa DStv pomwepo? Zoona. Kusiyana kwake nkwakuti mpira uli ndi gulu. Mwini bala kapena kanyumba koonetsera mpira amalipira dekoda podziwa kuti Arsenal ikamasewera ndi Manchester United mudzadzaza mpaka ena kuima pawindo. Ndipo F1 nthawi zambiri imayamba Lamlungu masana, nthawi yomweyo yomwe mpira wa ku England ukusewera, TV ndi imodzi, okonda mamotoka ali atatu okonda bola ali 40, palibe chokambirana.

Izi sizichitika kwa ife tokha. Ku Britain F1 kwa zaka zambiri inkaonetsedwa ulere, kuyambira 2012 BBC inayamba kugawana ndi Sky yomwe ndi yolipira, ndipo kuyambira 2019 pafupifupi mipikisano yonse yamoyo inapita ku Sky. Eni mpikisano anapeza ndalama zambiri, koma munthu wongodutsa amene akanaukonda mwangozi anasiya kukumana nawo. Ndiye mbali ina ya "kunyalanyaza" kumeneku amakupanga ndi eni masewera okha posankha ndalama ya lero m'malo mwa maso ambiri. Mtolankhani wa ku Chipata alibe mawu pa zimenezo.

## Amayamba ndani, omvera kapena mkonzi

Apa mpomwe mbali ziwiri zija zimagundana zenizeni. Mkonzi amati sindiika mamotoka chifukwa anthu safunsa. Wokonda mamotoka amati anthu afunsa bwanji chinthu chomwe sanachimvepo.

Zili ngati amayi ogulitsa ndiwo pa msika wa Kapata. Amaoda repu, tomato ndi anyezi chifukwa akudziwa kuti pofika madzulo zitha. Mukawauza kuti aodeko ndiwo ina yachilendo akuyankhani kuti ikafota ndani andibwezere ndalama yanga, ndipo akunena zoona, mpamba wawo ndi wochepa. Koma nzoonanso kuti ogula sangaizolowere ndiwo yomwe sinafikepo pa tebulo. Palibe woipa pamenepa, aliyense akuteteza chake, koma zotsatira zake nzakuti tebulo limakhala lomwelo chaka ndi chaka.

Wailesi ndi nyuzi zimadya kuchokera kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa amafuna pomwe pali makutu ambiri. Masiku ano makampani a kubetcha ndi ena mwa omwe amalipira kwambiri mapulogalamu a zamasewera, ndipo kubetcha kwambiri kuli pa mpira, ndiye pulogalamu imakokedwa kupita komweko. Rale nayo ili ndi masponsa ake, makampani a mafuta, a matayala, a zomangamanga, koma ndalama yawo yambiri imathera pa motoka yeniyeniyo ndi pokonza mpikisano, yotsala yogulira nthawi pa wailesi imakhala yochepa.

## "Ndi masewera a anthu olemera"

Mawu awa mudzawamva nthawi zonse nkhaniyi ikabuka, ndipo sitingawathawe. Mwana wa ku Mchini kapena ku Magazine amakulunga mapepala a pulasitiki, kumanga ndi zingwe, chimpombwa chatheka, miyala iwiri ndi golo. Akamamva za Patson Daka kapena Barbra Banda amadziona yekha, chifukwa naonso anayambira pa fumbi. Njira ikuoneka, olo ikhale yopapatiza.

Njira ya ku mamotoka imayambira pa chikwama. Motoka ya rale ya mlingo wa Africa imagulidwa kunja ndi ndalama yakunja, matayala amatha pa masiteji ochepa, pamafunika mamakaniko, loli yonyamulira, zipewa ndi zovala zosagwira moto. Ku F1 ndiye kumaposa apo, pafupifupi onse amayamba ali ana aang'ono pa tingolo ta injini totchedwa kati, makolo akulipira chaka ndi chaka, ndipo pomwe eni mpikisano anaika malire a ndalama zomwe timu ingagwiritse ntchito mu 2021, malirewo anali madola 145 miliyoni pa chaka. Amenewo ndi malire ochepetsera, kutanthauza kuti matimu akuluakulu ankawononga zoposa pamenepo. Nchifukwa chake nkhani ya Hamilton imagwira mtima anthu ambiri kuno, munthu wakuda woyamba mu F1, bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana athamange, mpaka anatenga ukatswiri ka 7 kufanana ndi Michael Schumacher.

Ndiye mkonzi akati masewerawa ali kutali ndi moyo wa omvera anga, sakunama. Komabe ine pano ndimaona kuti mfundoyi imafotokoza za osewera, siifotokoza za oonera. Ndi angati mwa ife adzapondeko pa Old Trafford? Koma timaitsata. Ndipo chikondi cha mamotoka kuno chilipo kale, onani ana ndi mamotoka awo a mawaya, chiwongolero chachitali m'manja, pakamwa akuliza injini ndi kusintha magiya. Onani anyamata a m'magalaji momwe amakanganirana za injini, kapena a njinga zamoto omwe adzaza tauni yonse. Rale si dalaivala yekha, muli makaniko amene amasintha giyabokosi mu mphindi zowerengeka pansi pa tenti, muli owotcherera, muli oimitsa anthu m'mbali mwa msewu, ndipo ambiri mwa amenewa ndi anthu wamba ngati ife. Nkhani zawo sizilembedwa kawirikawiri, ndipo mwina ndi zomwe zikanafika pamtima pa omvera kuposa nthawi za masiteji.

## Nanga ndi masewera enieni?

Ena amakana poyambira pomwe, amati munthu wangokhala pampando, ikugwira ntchito ndi injini. Mbali ina nzoona kuti motoka imawerengera kwambiri, dalaivala wabwino mu motoka yofooka sawina, ndipo ichi chimasiyanitsa masewerawa ndi kuthamanga kwa miyendo. Koma thupi limagwira ntchito koopsa. Dalaivala wa F1 akaponda mabuleki kapena kukhota pa liwiro, thupi lake limakankhidwa ndi mphamvu yofika kasanu kulemera kwake, khosi limanyamula mutu ndi chipewa zomwe panthawiyo zikulemera kasanu, ndipo amachita zimenezo kwa ola ndi theka mkati motentha, moti m'mipikisano ya kotentha thupi limachepa ndi makilogalamu awiri kapena atatu chifukwa cha thukuta lokha. Posintha matayala anthu pafupifupi 20 amagwira limodzi nkumaliza mu masekondi awiri, timu ya McLaren inachita mu masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Mkonzi amene mumtima mwake sakhulupirira kuti awa ndi masewera sadzawapatsa malo, ndiye maganizo amenewa nawo amalowa mu nkhaniyi mwakachetechete.

## Ikachitika ngozi mpomwe timamva

Dandaulo lina lomwe ndimaligwirizana nalo ndi ili, mpikisano wa mamotoka umafika pa tsamba loyamba pakafa munthu kapena motoka ikayaka. Anthu ambiri omwe sanaonerepo F1 amadziwa kuti Ayrton Senna anafa ku Imola pa 1 May 1994. Vidiyo ya Romain Grosjean akutuluka m'moto ku Bahrain mu 2020 inazungulira pa mafoni onse. Koma chomwe chinamupulumutsa, chitsulo chozungulira pamwamba pa mutu wa dalaivala chomwe chinakakamizidwa kuyambira 2018, ndi ochepa anachifotokoza. Zikamatero munthu wamba amatsala ndi chithunzi chakuti awa ndi masewera a imfa basi, ndipo pa misewu yathu pomwe ngozi zatilanda abale ambiri, mkonzi wina amaopanso kuti akamatamanda liwiro achinyamata akayesa pa Great East Road. Mantha amenewo ndi omveka. Oyankha amati rale imaphunzitsa zosiyana ndi zimenezo, kuti liwiro malo ake ndi msewu wotsekedwa, ndi lamba, chipewa ndi ambulansi pafupi.

## Si mamotoka okha

Funso likuti "poyerekeza ndi masewera ena", koma tikayang'anitsitsa kuno kwathu masewera ena amenewo ndi mpira wa amuna basi, ena onse ali pamzere umodzi ndi mamotoka. Netibo imaseweredwa m'masukulu ndi m'mipingo yambiri kuno kummawa, osewera ake ndi ochuluka kuposa a rale kutalitali, koma imamveka kangati? Muzala Samukonga dziko lonse linamuimbira m'manja atatenga mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris mu 2024, koma mipikisano yomwe amathamanga pakati pa chaka ndi ochepa amaitsata. Nkhonya zinakwera nthawi ya Esther Phiri ndi pomwe Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC, bungwe la nkhonya la dziko lonse, mu 2016, kenako zinatsikanso. Mpira wa atsikana unayenera kudikira mpaka Barbra Banda amwetse zigoli zitatu zitatu m'magemu awiri otsatizana ku Olympics ya Tokyo mu 2021 kuti anthu ayambe kuutenga mwaulemu.

Chitsanzo cha Copper Queens chimathandiza mbali zonse ziwiri za mkangano. Mkonzi atha kunena kuti mwaona, akachita bwino timawalemba. Wodandaula atha kunena kuti mwaona, mutayamba kuwalemba anthu anawakonda, ndiye omvera analipo kale. Ndipo wa rale awonjezera kuti ife tinachita bwino ka 13.

## Zomwe zikusintha

Kampani ya ku America ya Liberty Media itagula F1 mu 2017 inasintha kachitidwe. Kale eni ake ankaletsa kwambiri kuika mavidiyo pa intaneti, atsopanowa anatsegula, tizidutswa ta mpikisano tinayamba kupezeka ulere pa YouTube ndi Facebook, ndipo mu 2019 pa Netflix panayamba pulogalamu yoonetsa moyo wa madalaivala kuseri, mikangano yawo, mantha awo, kuchotsedwa ntchito kwawo. Anthu omwe sankadziwa kalikonse za injini anayamba kutsata anthuwo. Ku America komwe F1 inali yaing'ono, kuyambira 2023 kumachitika mipikisano itatu pa chaka, ku Miami, Austin ndi Las Vegas. Achinyamata a kuno omwe ndatchula poyamba aja ambiri analowera khomo lomweli, pa foni, osadutsira kwa mtolankhani aliyense.

Ku Africa nako kukugwedezeka. Safari Rally ya ku Kenya, yomwe inayamba mu 1953, inachotsedwa pa mpikisano wa dziko lonse pambuyo pa 2002 ndipo inabwerera mu 2021, ku Naivasha kumadzaza anthu wamba ambirimbiri omwe alibe motoka ya mpikisano, boma limaikapo ndalama ndipo ma TV a kumeneko amaionetsa. F1 yokha sinabwere mu Africa kuchokera pa mpikisano wa ku Kyalami ku South Africa mu 1993, koma mu December 2024 President Paul Kagame analengeza ku Kigali kuti Rwanda ikufuna kuchititsa mpikisanowu, ndipo South Africa nayo ikuufuna.

Kwa rale ya kuno foni yachepetsa mavuto ena aja. Nthawi za masiteji zitha kutumizidwa pompopompo, kamera yaing'ono mkati mwa motoka ndi yotchipa kuposa kale, droni imagwira ntchito yomwe inkafuna helikopita, ndipo matimu ena amadziulutsa okha pa Facebook. Chotsalira ndi bandulo, chifukwa vidiyo imadya data, ndi chilankhulo, chifukwa pafupifupi zonsezi zili mu Chingelezi. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi amene amamvera mpira mu Chinyanja Loweruka lililonse angafunike munthu womuuza mu Chinyanja chomwecho kuti navigeta akuwerenga chiyani ndipo masekondi 12 pakati pa woyamba ndi wachiwiri ndi ambiri kapena ochepa. Wailesi ya m'dera itafuna kuyesa siyenera kutuma munthu ku Lusaka poyamba, itha kuimbira foni dalaivala kapena makaniko wake Lolemba pambuyo pa mpikisano kwa mphindi zisanu, nkuona ngati omvera aimba kufunsa zambiri kapena ayi.